Kabuluu ka m'Galimoto ya Amjomba

Nyengo imeneyo pakhomo pathu ku Mandimba pankanunkha mango owola ndi gazolina. Mango ankangogwa okha kuseri kwa bafa. Gazolinayo ankachokera m'galimoto ya amjomba, mlongo wawo wa amayi, yomwe inaima pansi pa mtengo ngati yamera mizu. Woimeretsa mizuyo ndinali ine, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Amjomba ankagwira ntchito ya njanji ku Cuamba. Anabwera ku arubaini, sadaka ya malemu bambo, ndipo mbale zisanatsukidwe analengeza kuti pobwerera atenga achemwali anga a Asiyatu, akalere khanda lawo. Za sukulu anati adzaziona kutsogolo. Mbumba ndi yawo, choncho amayi anangoyang'ana pamkeka. Achemwali analeka kudya. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe atakumbatira yunifolomu yawo, maso ali psuu.

Ine ndinali kamtsikana ka pulaimale kodziwika kale ndi kupaka chitedze pampando wa aphunzitsi. Tsiku lina amjomba, podzionetsera kwa anyamata, anatsegula kabokosi pansi pa chiwongolero. Munali timafyuzi, iwo ankati mafuzivelu: tofiira, tachikasu, tabuluu, tonse tamiyendo iwiri ngati mano ozula. Analoza kabuluu kolembedwa 15, nati kameneko kakapsa mafuta safika ku injini. Anati kakupsa umakadziwa pokayang'ana kudzuwa, kawaya ka mkati kamaoneka koduka. Ine ndinali pambali, bango kukamwa, makutu ali tcheru.

Kungozula kukanasiya gweru loonekera. Ndinapita pomwe amakonzera machapa, maminibasi a ku Cuamba aja, ndi kutola m'matope kabuluu kakupsa. Lachisanu amuna onse ali kumzikiti ndinasinthitsa. Chitseko cha galimotoyo sichinkakhomeka.

M'mawa mwake, chikwama cha achemwali chili kale kumbuyo, galimoto inangokhosomola osalira. Anyamata anaikankha mpaka kumsika ndi kubwerera, thukuta lili kamukamu. Azimayi anayamba kunena kuti malemu sanavomere. Mekaniko anabwera pa njinga, anapeza kakupsako, naika katsopano, galimoto inalira kutada kale. Usiku ndinasinthitsanso, kutacha inakananso.

Musaganize kuti ndinkaseka. Tsiku lililonse pankafunika kabuluu kena kakupsa. Tofiira takupsa tinali mbwee, koma mtundu wina ukanandiulula, ndipo tabuluu tinkasowa. Ndinkafukula matope onunkha oyilo mvula ikundimenya, zala zitachekeka ndi zitini. Mekaniko anauza amjomba kuti fyuzi siipsa popanda chifukwa, pali waya amene akukhudza chitsulo, ndipo anawaletsa kumangapo waya wamba chifukwa galimoto ingayake moto. Anasanthula mawaya onse osapeza kanthu, munthu wosalakwa.

Masiku a tchuthi cha amjomba anatha, mtima wawonso unatha. Pamaso pa akuluakulu ananena kuti ikakananso mawa, ndiye kuti malemu alamu awo akukanadi, mwana atsala. Ikalira, anyamuka naye.

Tsiku limenelo ndinalibe kabuluu ngakhale kamodzi. Ndinakwawa pansi pa machapa, kondakitala wina nandithira madzi a m'ndowa. Ndinayesa kudula kawaya ka kabwino ndi singano, singano inathyoka, pulasitiki n'kung'aluka moonekera. Dzuwa likupendeka ndinabwerera ndili matope mpaka m'zigongono. Ndinapeza achemwali akupinda zovala osalira n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa misozi.

Amayi ankachapa pamwala. "Iwe Mwanaisha, tabwera undithandize kufinya," anatero. Nditagwada, anandionetsa tabuluu tabwino tomwe anatipeza m'thumba la siketi yanga. Ndinadikira khofi. M'malo mwake anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, nandiika kanthu m'manja.

"Ndatola kumsika. Maso angawa saona bwino, takayang'ana kudzuwa."

Kawaya kanali koduka bwinobwino. Anapitiriza kuchapa, nanena ngati akuuza zovalazo kuti amjomba angolowa kumene kubafa, ndipo amachedwa.

M'mawa galimoto inakhosomola, inakhosomolanso, n'kukhala chete. Amjomba anavula chipewa, anayang'ana cha kumanda kwa nthawi, kenako anatsitsa okha chikwama chija. Mekaniko ataika katsopano inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo amjomba anapita okha, matayala akuponda mango. Nkhani inawafika patapita chaka, chifukwa pakamwa panga sipasunga. Mpaka pano ndikawapatsa moni amayankha ndi mphuno, ine n'kuwafunsa ngati galimoto ikuyenda.

Nthawi imeneyo ndinkadziona ngati ndapusitsa mudzi wonse ndi kapulasitiki kamodzi. Pano ndili ku sekondale, achemwali akuphunzira zauphunzitsi. Ndikakumbukira azimayi aja, momwe ankatchulira malemu mokweza amjomba akamadutsa, osafunsa ngakhale kamodzi kumene mwana wamkazi akutenga matope a oyilo tsiku ndi tsiku, ndimaona kuti wopusitsidwa anali mmodzi yekha.