Mkuyu Umene Liboria Anaukwirira Wamoyo

Inu amene moyo wakupindani mpaka mwagwa mphwayi, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za mayi wina wa mumsewu mwathu muno mu Toronto, dzina lake Liboria.

Liboria anaika mwamuna wake m'manda mu Novembala 1957. Mwamunayo, Onofrio, anali wokumba ngalande za mapaipi, ndipo tsiku lina khoma la ngalande linamugumukira. Anasiya ana awiri: Gaspare wa zaka zisanu ndi khanda lalikazi loyamwa. Chingerezi Liboria sankachidziwa, ntchito yolembedwa anali asanagwirepo, ndipo kwawo ku Sicily kunali kutsidya kwa nyanja yaikulu. Zithunzi zimene Onofrio ankatumiza kumudzi asanamuitanitse, atavala suti, atatsamira galimoto ya eni ake, zinali chikomekome cha nkhuyu. Nyerere zake Liboria anadzaziona yekha atafika.

Mwa mwambo wathu wa ku Sicily, panyumba ya maliro sipasonkhedwa moto. Anansi ndiwo amabweretsa chakudya, ndipo namfedwa sapondanso panja kwa masiku. Mmodzi mwa obwera ndi chakudyawo anali Baldassare, mkulu wake wa malemu. Anaika mphika wa msuzi patebulo, n'kukhala pansi osavula chipewa.

"Mlamu, ndalingalira," anatero. "Kuno si malo a mkazi wopanda mwamuna. Chaka cha maliro chikamatha ndikugulira tikiti ya sitima yapamadzi, ubwerere kwa makolo ako ndi khandalo. Gaspare atsala ndi ine."

"Alamu, mwati chiyani?"

"Wamva bwinobwino. Mwanayu ali ndi dzina la bambo athu. Dzina limeneli silingabwerere kumudzi kukaweta nkhosa za eni. Ife Mulungu sanatipatse mwana, timulera bwino."

"Ndigwira ntchito. Ndimulera ndekha."

Baldassare anaseka monyoza, n'kuloza pawindo. Kuseri kwa nyumba kunali kamtengo kamkuyu kofika m'chifuwa, masamba atayoyoka kale. Onofrio anabwera nako kuchokera pabwalo la mayi awo, kali kanthambi chabe, atakazika mu mbatata ya kachewere kuti kasaume panjira. Chaka chilichonse chisanu chinkakapsereza mpaka pansi, n'kumaphukiranso kuyambira pachitsa, osabala ngakhale nkhuyu imodzi.

"Ukukaona kandodo kako? Zofewa za kwathu sizipirira kuno, mlamu. Tsiku limene kadzabale nkhuyu, ndiye ndidzakhulupirira kuti nawenso ungakhale kuno."

Liboria anachita mantha, chifukwa m'banjamo mawu a Baldassare sankabwezedwa ndi munthu.

M'mawa mwake anamva fosholo ikulira kuseri kwa mpanda. Anasuzumira pawindo n'kuona mnansi wake wokalamba, amene tonse tinkamutcha Amalume Tano ngakhale sanali m'bale wa aliyense, akukumba dzenje lalitali ngati manda. Mtima wake unawira.

"Amalume Tano, mulibe chisoni inu? Dzulodzuloli taika munthu, lero mukukumba manda pamaso panga?"

Mkuluyo anatsamira fosholo yake. "Manda ndi amenewadi, mwana wanga, koma mwini wake amadzuka nthawi ya Pasaka ngati Ambuye. Ndikugoneka mkuyu wanga."

"Mtengo amaugoneka?"

"Kwathu ayi. Kwathu mkuyu umaima chilili chaka chonse, dzuwa likuulera. Kuno ukaima chilili, chisanu chimaudya. Mwamuna wako ndinamuuza, anangondiseka, ati munaona ndani akuika mtengo m'manda. Mutu wouma ngati mkulu wake, Mulungu amukhululukire. Tamvera, nthaka iuma gwa ndi chisanu mawa kapena mkuja. Ine msana wanga wakwana ndi dzenje limodzi. Fosholo nayi."

Liboria anayang'ana zovala zake zakuda. Ankadziwa zimene akazi a mumsewumo adzanena. Anagoneka khanda, n'kutsegula chitseko.

Ndipo ananenadi. Makatani anagwedezeka nyumba ndi nyumba. "Taonani zamanyazi! Mwamuna sanazizire n'komwe, iye ali kudimba!" Anthu inu, pakamwa pa munthu wosafedwa sipatopa.

Iye anakumba. Kukumba dzenje lofanana ndi limene linameza mwamuna wake kunali kowawa, moti misozi inkagwera pa fosholo. Amalume Tano ankalangiza ali kuseri kwa mpanda: manga nthambi pamodzi ndi chingwe, dula mizu ya mbali imodzi yokha, ya mbali inayo isiye igwire nthaka. "Tsopano upinde. Pang'onopang'ono, iwe! Si mlamu wako ameneyo kuti umuthyole khosi." Mtengo unagona m'dzenje. Anauphimba ndi matabwa akale, masamba ouma, kenako dothi.

Mkuja wake chipale, chisanu choyera ngati ufa, chinagwa, n'kukwirira zonse.

Nyengo yozizira imeneyo Liboria sanaiiwale mpaka imfa yake. Khanda ankalisiya kwa akazi a Tano, iye n'kupita kukasaka ntchito. Tsiku loyamba anakwera basi yolakwika, n'kukatsikira kumene kunalibe munthu womva chinenero chake, ndipo anabwerera wapansi mapazi atachita dzanzi. Ku fakitale ina yosoka majasi anamulemba, koma makina amagetsi ankamuthawa m'manja, anawononga nsalu, anamuchotsa. Analira panjira, n'kupukuta nkhope, m'mawa mwake n'kukagogoda pa fakitale ina. Kumeneko anayamba ndi kudula ulusi wotsala pa zovala, maso ali pa manja a mayi wa pamakina oyandikana naye. Pofika Febuluwale anali atakhala pamakina akeake, akusoka makolala.

Chipinda chapamwamba analowetsamo anyamata awiri a kumudzi kwawo pa lendi, n'kumawaphikira ndi kuwachapira. Mawu a Chingerezi ankawatola limodzilimodzi pakamwa pa Gaspare, mwanayo akumuseka katchulidwe.

Baldassare naye sanagone. Lamlungu lililonse ankabwera kudzatenga Gaspare, n'kumubweza atavala nsapato zatsopano. Tsiku lina mwanayo akudya anati, "Amayi, atate aakulu ati kwawo kuli chipinda changachanga, chokhala ndi bedi lalikulu."

Mawu amenewa anamulasa Liboria kuposa miseche yonse ya mumsewu. Anaima pawindo kuyang'ana kamtumbira ka chipale kuseri kuja, osadziwa ngati m'katimo muli chamoyo kapena chowola.

Pasaka itapita, Amalume Tano anagogoda pampanda. Anafukula. Mtengo unatuluka wotuwa, wachuku, ukununkha ngati chipinda chosatsegulidwa. Liboria anaudzutsa, n'kuuchirikiza ndi mzati.

Baldassare atauona anapukusa mutu. "Ukanangousiya momwemo, mlamu. Maliro sachita kawiri."

Masabata anadutsa, kamtengo kali mbuu. Wa Amalume Tano unali utayamba kale kubiriwira. Liboria ankauthirira asanapite kuntchito, mtima uli m'mwamba. Kenako m'mawa wina wa Meyi anaona kunsonga kwa nthambi yakale kanthu kobiriwira, kakang'ono ngati khutu la mbewa. Anagwada pansi pomwepo n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

Seputembala itafika, Baldassare anabwera Lamlungu potuluka ku Misa, tikiti ya sitima ili m'thumba la jekete. Anaitulutsa n'kuiika patebulo.

"Sitima inyamuka ikangotha Misa yokumbukira malemu. Yamba kulongedza."

Liboria sanaigwire. Analowa kukhitchini n'kubwera ndi kambale. Munali nkhuyu zochepa, zosadzaza n'chikhatho chomwe, zakuda, zong'ambika chifukwa chakupsa.

"Idyani, alamu."

"Wagula kuti?"

"Tayang'anani pawindo."

Baldassare anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Kenako anatenga nkhuyu imodzi, n'kuing'amba ndi zala, n'kuiika m'kamwa. Anasiya kutafuna. Munthuyu anachoka kwawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, mayi ake anamwalira iye ali kuno, ndipo maliro awo sanawaone. Bambo wamkulu uja, woopedwa ndi banja lonse, anavula chipewa, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka.

"Wa pachitsime," anatero ndi mawu osweka. "Mkuyu wa amayi, wa pambali pa chitsime."

"Ndi womwewo. Alamu, munanena nokha."

"Ndinanena."

Anatenga tikiti ija n'kuibwezera m'thumba. Anayang'ana manja a mlamu wake, oboolaboola ndi singano, kenako anaitana mwana. "Gaspare, bwera kuno. Nyumba yako ndi ino. Uzimvera amayi ako." Atafika pakhomo anatembenuka, maso ali pansi. "Mlamu, kodi ungandipatseko kanthambi?"

"Ndikupatsani," anatero Liboria. "Koma fosholo mukagule yanu."

Liboria sanachoke mu Toronto. Anasoka makolala zaka zambiri, kenako anatsegula kasitolo kakekake kosoka madiresi a ukwati. Akazi aja ankamunena kuseri kwa makatani anadzabwera ndi ana awo aakazi kudzayesedwa. Iye zakuda sanavule moyo wake wonse, koma akwatibwi a mumsewu mwathu ambiri anavala zoyera zochokera m'manja mwake. Gaspare anakula pakhomo pa mayi ake, anaphunzira, nakhala womanga nyumba wodziwika.

Mwana aliyense wa banjalo akamakwatira, Liboria ankamudulira kanthambi. Mdzukulu wake wina atapita ku Sicily kukafufuza kumene makolo ake anachokera, anapeza mudzi uja chivomezi cha 1968 chinaugwetsa. Nyumba kunalibe, chitsime chinakwiririka, mtengo wa pambali pake sunapezekenso. Anabwerera ali wokhumudwa. Agogo akewo anangoti, "Wavutikiranji? Pita kuseri kwa nyumba za abale ako." Ndipo n'zoona, wofuna kulondola banja limeneli angoyenda m'madimba a ku Toronto, ku Hamilton mpaka ku Montreal. Paliponse pali mkuyu wa nkhuyu zakuda, pali magazi awo.

Liboria anamwalira ali nkhalamba, mwezi wa Novembala womwewo. Pochoka kumanda, anthu anadzaza m'nyumba, koma Gaspare sanaoneke. Tinamupeza kuseri, imvi zili mbuu, atavala suti yakuda ya maliro, akukumba. Mlongo wake anatuluka akulira.

"Achimwene, lero lomwe? Anthu anena chiyani?"

"Anene," anayankha, osasiya kukumba. "Nthaka iuma mawa. Ndikanakhala mwana wa nyumba ina amayi akanamvera zonena za anthu. Tenga chingwe, undigwirire nthambi."

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina lero moyo wakupindani, wakugonekani m'dzenje, ndipo anthu akudutsa akuti zanu zatha. Mizu ina yaduka, inde, ndipo n'zowawa. Koma ya mbali inayo ikadali m'nthaka. Pindikani osathyoka, dzukani m'mawa mukagogode pakhomo lina monga anachitira Liboria. Chogonekedwa sichinafe. Osataya mtima.