Tausi Daudi ndi Maselo Odya Makala

Anthu a mu Old Town, ku Lilongwe, ankamudziwa Tausi Daudi ngati mayi woyeza magazi, basi. Mwana akatentha thupi, anansi ankangoti, "Thamangira nayeni kwa Tausi akamubaye kuchala." Ndi ochepa amene ankadziwa kuti dzina la mayi ameneyu linkatchulidwa m'mabuku a asayansi a m'mayiko amene iye sanapondemo phazi.

Anabadwa mu 1951, mwana wachitatu wa a Daudi, fundi wa mawotchi amene ankakhala ndi katebulo kawo pakhonde la sitolo ya Mmwenye pafupi ndi mzikiti. Kachitsulo kakang'ono ka m'wotchi kakagwera pansi, ankaitana Tausi, ndipo iye ankakatola m'fumbi anthu akulu akadali kusuzumira. Achibale ena anadandaula kuti mwana wamkazi madarasa amukwanira, koma a Daudi anakana. "Maso awa ndi a kabawi," anatero. "Sindingawatsekere m'khitchini." Tausi anakhoza JC, nakaphunzira ntchito ya mu labu ku Blantyre zaka ziwiri, ndipo mu 1971 anabwerera kwawo kudzagwira ntchito pa chipatala china cha mu Old Town momwemo.

Labuyo inali kachipinda ka zenera limodzi. Ntchito ya Tausi inali yobaya chala, kupaka kadontho ka magazi pa kagalasi, kuumitsa, kuthira utoto, kenako kuwerama pa maikulosikopu kufunafuna tizilombo ta malungo. Akatipeza, ankalemba papepala ngati tili tochepa kapena tambiri, pepala n'kupita kwa dokotala. Nthawi ya dzinja ankaona timagalasi makumi asanu ndi atatu patsiku, mpaka khosi kuuma ngati chikuni.

Dzinja la 1975, chaka chimene likulu linasamukira ku Lilongwe, kunabwera ana awiri tsiku limodzi. Wina magazi ake anali odzaza tizilombo, winayo anali nato tochepa. Tausi anadera nkhawa woyambayo. Koma patapita masiku atatu anamuona akutuluka ali kumsana kwa mayi ake, akudya nthochi, pomwe wachiwiri uja anali atamwalira. Nkhaniyi inamukhala pamtima. Anatola kagalasi ka mwana womwalirayo m'beseni la zotsuka, nakaonanso.

Ulendo uno sanayang'ane tizilombo. Anayang'ana maselo oyera, aja amene amateteza thupi ku matenda. Ambiri mwa iwo anali ndi timadontho takuda mkati, ngati ameza fumbi la makala. Kusukulu anawauza kuti timadontho timeneti ndi zinyalala zimene kachilombo kamasiya kakamadya selo lofiira, maselo oyera n'kumadzasesa, ndipo sitifunika kuwerengedwa. Tausi anaona kagalasi ka mwana wochira uja: maselo ake oyera anali pafupifupi onse oyera mbee.

Sanauze munthu. Anagula kope la ana asukulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo, kwa mwana aliyense wogonekedwa ndi malungo, ankawerenga maselo oyera zana n'kulemba kuti ndi angati amene "adya makala," monga mmene iye ankatchulira. Nthawi ya nkhomaliro ankapita ku wodi kukafunsa anamwino kuti mwana wakuti ali bwanji. Anamwino ankamuseka kuti akufuna udokotala wa pakhomo lakuseri. Iye ankaseka nawo, n'kulemba.

Mu 1977 kunabwera dokotala wa ana, a Maynard Kalinde, amene anali atangobwera kumene ku maphunziro kunja. Tsiku lina analowa mu labu kudzafulumizitsa zotsatira, ndipo anapeza Tausi akulemba m'kope lachitatu.

"Mayi Daudi, izi ndi chiyani?" anafunsa.

"Ndi zanga chabe, adokotala. Ntchito ya boma ndamaliza kale."

A Kalinde anakhala pa kampando kopanda chotsamira, natsegula masamba limodzilimodzi. Odwala anadikira panja mpaka namwino anabwera kudzawaitana, koma iwo osadzuka. Ana olembedwa m'makopemo anali atapitirira mazana anayi. Amene maselo awo ambiri anali ndi makala, ambiri anali ndi kamtanda kumapeto kwa mzere, kosonyeza kuti anamwalira.

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mukutanthauza kuti m'mawa mwana akangofika, inu mungandiuze amene ndiyambe naye?"

"Nthawi zambiri, inde. Koma ndani angandimvere ine?"

"Ine ndamva," anatero a Kalinde. "Ndipo ena ayenera kumva."

Anayamba kulemba nkhani yoti itumizidwe ku magazini ya asayansi ya ku Ulaya. Loweruka lililonse Tausi ankakwera basi kupita ku Area 10, kunyumba kwa a Kalinde, kumene kunali makina otayipira. Mwamuna wake, a Iddi, telala wa pafupi ndi msika, ankamuperekeza kuti pakamwa pa anthu pasapeze chonena, ndipo ankakhala pakhonde kumwa tiyi ndi kudabwa ndi bata la kumaloko, kumene agalu anali ambiri kuposa anthu oyenda mumsewu. Mkatimo awiriwo ankakangana za manambala. Tausi sankalola kuti mwana ngakhale mmodzi achotsedwe pamndandanda chifukwa choti wasokoneza chiwerengero. "Ameneyu anali ndi makala ambiri koma anachira," ankatero. "Alembedwe momwemo."

Atamaliza, a Kalinde anatayipa pamwamba: T. Daudi ndi M. Kalinde. Tausi anaimirira.

"Adokotala, mwalakwitsa. Dzina lanu liyambe."

"Amene anaona ndani?"

"Koma ine ndili ndi JC yokha."

"Maselowo anakufunsani setifiketi?"

Nkhaniyo inakagona miyezi isanu ndi iwiri kuofesi ya boma ya ku Kapitolo kudikira chilolezo, ndipo inatuluka mu 1979. Patangopita milungu ingapo, makhadi anayamba kufika. Masiku amenewo wasayansi akafuna kuwerenga nkhani ya mnzake, ankatumiza positikhadi yopempha kope. Anabwera ochokera ku India, ku Sweden, ku Brazil, ku Ghana, onse olembedwa "Dr. T. Daudi." Mesenjala wa pachipatala anayamba kumutchula "adokotala" monyogodola. Tausi ankayankha khadi lililonse, n'kulisunga m'chitini cha mabisiketi.

Kenako kunabwera ena atatu: la ku Cuba, la ku East Germany ndi la ku Czechoslovakia. Anali masiku amene kalata yochokera kumayiko otere inkawerengedwa ndi maso ambiri isanafike kwa mwini wake. Lachiwiri lina m'mawa, amuna awiri ovala majekete anaima pakhomo la labu. Sanatchule mayina awo. Anamuuza kuti atenge makope ake onse asanu ndi chitini chija, nakwera naye galimoto mpaka kuofesi ina ya ku City Centre, m'nyumba yosanja yonunkhira penti.

Anamukhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atamulowetsa, wamkulu wa amunawo anali atayala makhadi atatu aja patebulo.

"Mayi, anthu awa munadziwana nawo kuti?"

"Sindiwadziwa, bwana. Anawerenga zimene tinalemba."

"Munthu wa ku Cuba awerenge za mayi wa ku Old Town? Nanga manambala awa, ndi timitanda iti, n'chinsinsi chanji?"

Tausi anaganiza za ana ake awiri, ndi za anthu amene anatengedwa chonchi osabwerako. Koma pamene bamboyo analoza mzere wina ndi cholembera, iye anawerama n'kuuzindikira.

"Ameneyo ndi Rahima, bwana, wa zaka zitatu, wa ku Area 1. Maselo makumi anayi pa zana. Kamtandako ndiye kuti anamwalira. Wotsatirayo ndi mnyamata wa ku Nathenje, anachira. Ndingakuuzeni onse, mukafuna."

Ndipo anayamba kuwatchula, mmodzimmodzi, kwawo ndi mmene anathera. Atafika pa mwana wa khumi ndi chisanu, bamboyo anakweza dzanja. Anamuuza kuti azipita, ndipo asadzayankhenso kalata yochokera kumayiko amenewo. Makope ndi chitini zinatsala patebulo. Sanazionenso.

Chaka chotsatira a Kalinde anapita kumsonkhano kunja ndipo sanabwerere. Pachipatala dzina lawo linasanduka losatchulika. Anzake a Tausi anayamba kudyera kutali naye, ndipo a Iddi anamupempha mofatsa kuti za makala azisiye. "Mayi a Shehe," anatero, pomutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba, "fisi akakununkhiza kamodzi, sumubwereranso panjira yake."

Tausi anasiya miyezi iwiri. Mvula itagwa, wodi inadzaza, ndipo namwino wamkulu, amene kale ankamuseka kwambiri, anabwera yekha mu labu. "Tausi, tili ndi ana khumi ndi awiri, mabotolo a diripi atatu. Tiyambe ndi uti?" Tausi anatenga timagalasi nayamba kuwerenga. Madzulo ake anadutsira kusitolo n'kugula kope latsopano.

Nkhani yachiwiri anailemba yekha, ndi Chingelezi chake cha JC ndi dikishonale yobwereka. Inali yosonyeza kuti maselo oyera ali mitundumitundu, ndipo mtundu wina ukadya makala ndiye kuti matenda ndi a posachedwa komanso oopsa, pomwe wina umasunga makalawo ngakhale mwana atayamba kuchira. Anaipereka yekha kuofesi yopereka chilolezo, envelopu yosamata, kuti aliyense wofuna kuwerenga awerenge. Magazini awiri anaibweza, ina ndi mawu akuti Chingelezi chake n'chosamveka. Anailembanso kanayi. Inatuluka mu 1984, ili ndi dzina limodzi lokha. Yachitatu, yaifupi, yonena za kapakidwe ka utoto kopangitsa timadonthoto kuoneka bwino, inatuluka mu 1988. Zolemba zake zonse zinali zitatu zimenezo.

Mu 1990 kunafika mayi wina wachitsikana wovala magalasi, dzina lake Bernadetta, wa ku Mitundu, amene ankachita maphunziro a za maselo ku Scotland. Anafunsa za Dr. Daudi, ndipo mlonda anamulozera mayi wa mpango woyera amene ankatsuka timagalasi pa sinki.

"Amayi, ndatumidwa ndi a Kalinde," ananong'ona Bernadetta. "Ali moyo, akupereka moni. Anati ndikupatseni izi m'manja."

Anali mapepala asanu ndi limodzi a zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Bernadetta anafotokoza kuti kunja kuli mabuku akuluakulu amene amalemba wasayansi aliyense amene watchula ntchito ya mnzake m'zolemba zake. Mzere uliwonse pamapepalawo unali nkhani ya munthu wina amene anatsamira pa ntchito ya Tausi. Nkhani yoyamba inali itatchulidwa ka 212, yachiwiri ka 64, yachitatu kasanu ndi kawiri.

"Aphunzitsi anga ena ali ndi nkhani makumi atatu, koma palibe imene inafika apa," anatero Bernadetta.

Tausi anapukuta manja ku chitenje, natenga mapepalawo. Anayendetsa chala m'mizeremo mwakachetechete, milomo ikuyesa mayina ovuta a ku Thailand, ku Gambia, ku Papua.

"Onsewa akuvomereza?" anafunsa.

"Ambiri. Koma alipo ena otsutsa."

"Ndi ati?"

Bernadetta anadabwa, koma analoza mizere inayi. Nkhani ya mmodzi mwa otsutsawo anali nayo m'chikwama: dokotala wa ku Thailand amene ankati njirayo siithandiza kwa makanda osakwana chaka. Tausi anakoka kampando, navala magalasi ake owerengera, ndipo anaiwerenga yonse mlendo ataima. Kenako anatsitsa makope ake pashelefu n'kuyamba kusanthula ana a miyezi yochepa, akulemba manambala kuseri kwa fomu yakale. Anapeza makumi atatu ndi mmodzi.

"Bamboyu akunena zoona," anatero pomaliza. "Kwa makanda ndinaphonya. Ndinawasakaniza ndi akuluakulu."

"Ndiye mutani, amayi?"

"Ndimulembera, ndimutumizire manambala angawa awonjezere pa ake. Mukubwerera liti ku Scotland?"

"Lachisanu."

"Mudzadutse Lachinayi, mudzatenge kalata mukaitumize muli kunjako."

Panja mayi wina anagogoda pazenera, mwana akulira kumsana. Tausi anapinda mapepala asanu ndi limodzi aja, nawaika pansi pa botolo la utoto kuti asauluke ndi mphepo, ndipo anatsegula chitseko.