Chaka chimene alamu anaphunzira kuleza mtima

Kwathu, kuseri kwa Kasakula, nkhungu ya m'mawa ndi yokhuthala moti munthu amatha kutsamirapo njinga. Wokayika apite akatsamiritse yake. Nkhungu imeneyi ndiyo imatipulumutsa nyengo yosankha fodya. Fodya wa bale akauma m'chigafa sagwiridwa dzuwa litakwera, amangofumbutuka m'manja. Koma m'mamawa, nkhungu ikamunyambita, amafewa ngati khutu la mbuzi, ndipo umamutsitsa pamikangala yoyanikapo, kumusankha, kumumanga, tsamba osathyoka. Zimenezi kwathu amadziwa ndi agalu omwe.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ankadziwanso. Anali mkamwini wochokera ku Dzoole, munthu wa mtima wapachala. Tsiku lina anatukwana ng'ombe ya pangolo mpaka inadzimasula yokha pagoli n'kukagona kudambo ndi manyazi. Ndinaliko, ndinaiona nkhope. Koma ntchito ankaigwira ngati wabwereka manja ena awiri, ndipo mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha khasu lake, za pakamwa timapirira. Mlongo wanga ankati, “Azitukwana, bola mabelo azituluka.”

Ndiye kutchalitchi kwathu kunabwera mnyamata wa ku Lilongwe. Nsapato zake zinali zosongoka moti zinalowa m'tchalitchi Loweruka, mwini wake anafika Lamulungu. Anati iye si mbusa, si mlaliki, ndi kochi wa moyo. Ife tinkadziwa kochi wa mpira, wa moyo tinkayesa ndi Mulungu. Anatiuza kuti zipatso za Mzimu sizigwa zokha ngati mango, zimafuna kulimidwa. Aliyense asankhe chimodzi, kaya chifatso, kaya kudziletsa, ndipo m'mawa uliwonse, asanagwire chida chilichonse, azikakhala payekha pamalo abata, azikoka mpweya, azidziuza kuti iye ndi ndani mwa Ambuye, mpaka mtima utakhala pansi. “M'mawa ndi wa munthu wamkati,” anatero, “munthu wakunja adikire.”

Tinaomba m'manja, tinadya mabanzi ake, pofika pamtsinje tinali titaiwala. Mpingo wonse unachita zanzeru choncho, kupatula alamu. Iwo anasankha kuleza mtima, n'kusiya nambala yawo ya foni kwa kochi.

Anapeza thanthwe pamwamba pa phiri. Kukacha ankakwera, kukhala mopinda miyendo ngati telala wopanda makina, n'kuyamba kudikira mtima kuti ukhale pansi. Vuto lake, mtima wa alamu unali utaima chiimire kuyambira ali mwana, ndiye kuti ukhale pansi pankafunika dzuwa lifike paliwombo. Nkhungu inkabwera, kufewetsa fodya, kuwafunafuna m'chigafa, kenako n'kubwerera kwawo.

Masana ankatsika akumwetulira, n'kuyamba kusankha fodya wouma gwa. Phokoso lake linkamveka ngati mbuzi zalowa m'mapesi. Fumbi la fodya linakuta mudzi, nkhuku zinkayetsemula, ndipo amayi achikulire ofwenkha fodya anasiya kugula, ankangoima kumene kukupita mphepo atatsegula mphuno. Ngati ndikunama, chigafa changa chigwe.

Mlongo wanga anali ndi pakati potopetsa, sakanatha kukwera kukatsitsa mikangala. Ine ndinali ndi fodya wanga, nkhungu sidikira munthu wa zigafa ziwiri.

“Bambo a kunyumba,” mlongo wanga anawauza tsiku lina ndili pomwepo, “kodi uyu ndi fodya kapena ufa wa mawere?”

“Mayi, mtima wanu ukuthamanga. Kokani mpweya.”

“Ndikoke chiyani? Mpweya wake mwauthira fodya.”

Kale pamenepo pakanauluka mbale. Alamu anangotulutsa foni n'kutimvetsera mawu a kochi, amene ankatumiza m'mawa uliwonse ali m'bulangete ku Lilongwe. Mawu a tsikulo ankati otsutsa akachuluka, dziwa kuti ukukula. Kuyambira pamenepo aliyense wowadzudzula ankakhala manyowa. Ine ndinakwera kuthanthwe kukawauza kuti kuleza mtima kungathe kuchitika madzulo, Mulungu satseka ofesi. Anandiyang'ana mwachifundo ngati ndine mbuzi yodwala chipere, nati, “Alamu, zikomo pondikulitsa.”

Theka la chigafa litasanduka zinyenyeswa, mlongo wanga anaitana ankhoswe. Atsibweni athu sanazungulire. Anati munda ndi wa mbumba yawo, fodya ndiye chakudya cha mwana akubwerayo, ndipo mkamwini wokhala pathanthwe ndi buluzi. Ankhoswe a ku Dzoole anawerama, anakanda pansi, kenako anapempha alamu kuti alankhulepo.

Alamu anaimirira pang'onopang'ono, manja pachifuwa. “Ndakukhululukirani nonse,” anatero.

“Mwatikhululukira chiyani?” anafunsa atsibweni.

“Zimene mukundichitira. Ndikuyenda ulendo wanga wa kukula.”

“Ulendo umenewo ukudutsa ku Dzoole,” anatero mlongo wanga. “Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wotukwana. Uyu sindikumudziwa, amene anamubweretsa amutenge.”

Ankhoswe anagwirizana kuti awapatse alamu mpata wotsiriza: m'mawa mwake nkhungu iwapeze m'chigafa, apulumutse fodya wotsalayo, banja lipitirire. Kunacha ndi nkhungu yabwino kwambiri chaka chimenecho, yoti ngakhale chikumba chouma chikanafewa. Mlongo wanga anaima pakhomo pa chigafa. Atsibweni anaima. Ine ndinasiya fodya wanga n'kuima nawo. Nkhungu itayamba kung'ambika tinawaona alamu pamwamba paja, atapinda miyendo, akukoka mpweya wa phiri lathu, waulere.

Mlongo wanga sanalire. Anamanga zovala zawo m'chitenje n'kuika panja. Alamu atatsika ananyamula mtolowo, anathokoza aliyense ndi dzanja, mpaka galu, n'kuyamba kutsetsereka njira ya kumtsinje. Tonse tinkawayang'ana kumsana.

Asanafike patali anapunthwa pamwala, chala chachikulu chenicheni, chikhadabo n'kutseguka ngati chitseko. Ndinaona mlongo wanga atatchera khutu, phazi limodzi lili kale kutsogolo. Anandiuza yekha pambuyo pake kuti akanangomva mawu amodzi okha a kale aja, ngakhale otukwana amayi a mwalawo, akanathamanga ndi mimba yakeyo kukawalanda mtolo.

Alamu anayang'ana chala, anayang'ana mwala. Anakoka mpweya. Kenako anawerama, anausisita mwalawo n'kuuuza kuti zikomo.

Mlongo wanga anabweza phazi lija. “Achimwene,” anatero, “mawa mulawire kuno. Fodya wanu mukaona mukamaliza wanga.”