Munkoyo wa Amalume

Botolo lija linali lobiriwira, chotsekera chake chitsononkho. Linali la amalume, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi nkumakhala nafe ku Wusakile, komboni ya anthu a pamgodi. Chaka chimene mbendera yatsopano inakwera, anawasankha kuti akathamange mpikisano wa anthu a pamgodi. Munali mu Okutobala, phula likumata kumapazi.

Amalume anali ndi lamulo lawo. Asanathamange ankamwa madzi botolo limodzi, osadya kanthu. “Mimba ikadzaza, moto umayaka kawiri,” ankatero.

Ine sukulu ndinayamba mochedwa, ndevu zili pafupi, ndipo ndinkafunitsitsa kuti kunyumba aone kuti ndikudziwa kanthu. Aphunzitsi anali atatiuza kuti shuga ndi nkhuni za thupi. Ndinagwira mawu okhawo. Ngati ananenapo za madzi, sindinamve.

Tsiku la mpikisano amayi anandipatsa botolo lija lili ndi madzi kuti ndikawapatsire amalume kubwalo. Kuseri kwa nyumba ndinataya madzi aja, nkuthiramo munkoyo, chakumwa chathu cha ufa ndi mizu. Ndinaonjezera shuga mpaka unayamba kunanda ngati uchi. Amalume anamwa kamodzi, anandiyang'ana, kenaka anamaliza wonse.

Poyamba anatsogola. Azimayi ankaimba m'Chibemba, ine ndikudumpha, ndikudziona ngati dokotala. Atazungulira kambirimbiri amalume anayamba kupepesuka, nagwa pafumbi. Nditawagwira pamphumi ndinachotsa dzanja msanga. Khungu linali louma, lotentha ngati lata masana, popanda thukuta ngakhale dontho.

Sanamwalire. Koma kuchipatala anati thupi lawo silingapirirenso kutentha kwa pansi, ndipo ntchito inathera pomwepo. Mdzukulu wanga, amene ndi namwino, amati shuga mwina anaonjezerako kutentha pang'ono, koma chachikulu chinali dzuwa ndi ludzu. Amatero kuti anditonthoze. Sadziwa kuti amene anataya madzi aja ndine.

Amalume asanabwerere kumudzi ku Katete, amayi anawafunsa ine ndili pomwepo, akuwamangira zovala m'nsalu. “Achimwene, tsiku lija munadya chiyani?”

“Palibe, mlongo wanga. Madzi okha amene unatumiza.”

Kenaka amalume anandikoka khutu. “Iwe mwaiche, mwana iwe, sukulu usasiye. Koma uzimva mpaka aphunzitsi amalize.”

Ndinatuluka panja mtima uli myaa, ndikuganiza kuti matenda awaiwalitsa zonse. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu amatha kunama kuti mwana apitirize kudya m'mbale imodzi ndi amake.