Bambo Amene Anatuluka M'nyuzi Chakumbuyo

Matipate atangobwera, nyuzipepala zinabuka ngati inswa mvula ikagwa. Nthawi imeneyo ndinali nditangolembedwa uphunzitsi pa Chezi, m'gulu lija analitola mwachangu sukulu zitakhala zaulere. Loweruka ndinkasowa chochita, choncho a komiti ya pamsika anandipatsa ntchito yosamala kachipinda kowerengeramo, kamene kale kanali ofesi yogulitsiramo makadi a chipani. Mwini sitolo wina wachisilamu, akapita ku Lilongwe kukaoda katundu, ankabwerako ndi mtolo wa nyuzi n'kutisiyira pakhomo.

Poyamba tinkangoziunjika pakona, yatsopano pamwamba, yakale pansi. Anthu ankawerenga kuyambira pamwamba, chiswe kuyambira pansi. Munthu akafuna nkhani ya mwezi watha ankagumula mulu wonse, n'kuchoka asanaipeze.

Apampando a komiti, mdala amene anagwirapo ukalaliki ku boma la Dowa, anaitanitsa msonkhano. Masiku amenewo chilichonse chinkafuna voti, ngakhale kusuntha benchi. Iwo anati tisanje potsata mayina a nyuzi. Tinayesa, koma nyuzi zina zinkatuluka kangapo n'kufa, kenako n'kudzuka ndi dzina lina, mkonzi yemweyo, mabodza omwewo. Chipinda chinadzaza ndi timilu ta ana amasiye. Wina anati tisanje potsata zipani. Zinayenda bwino mpaka nyuzi imene inkatukwana nduna ina Lolemba inayamba kuitamanda Lachisanu, ine n'kumangoisamutsa ngati mkamwini wosakhazikika pamudzi. Potsiriza tinavotera miyezi. Ndinadula makatoni a sopo, ndinalembapo mayina a miyezi, ndipo mitolo ndinaipachika pazingwe kudenga kuti chiswe chisiye sukulu. Apampando anayendayenda m'chipindamo manja ali kumbuyo, nati ngakhale ku boma sankasanja mwaluso chonchi.

Loweruka lina m'mawa kunabwera bambo wina wochokera kumapiri, cha kumalire ndi Ntchisi. Anatsamiritsa njinga pakhoma, navula chipewa.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mumasunga nyuzi. Ndabwera kudzadziona."

"Kudzaona nyuzi?"

"Kudzadziona ineyo. Ndinatulukamo."

Anafotokoza kuti tsiku lina galimoto ya phungu inatitimira m'matope padambo la kwawo. Iye ndi anzake anasiya makasu n'kukaikankha, ndipo munthu wina wa kamera amene anali m'galimotomo anawajambula. Patapita nthawi alamu ake a ku tauni anamuuza kuti anamuona m'nyuzi. Atakamba zimenezi kumudzi, anthu anayamba kumutchula kuti Anduna, ndipo akazi ake anati asiye kachasu.

"Unali mwezi wanji?" ndinafunsa, ndikuloza makatoni anga monyadira.

"Mwezi? Fodya tinali titayamba kuthyola wam'munsi."

"Nanga chaka?"

"Chimene mbuzi yanga inathyoka mwendo."

"Dzina la nyuziyo mukulidziwa?"

"Ine sindinaione. Koma alamu anati patsamba loyamba panali munthu wonenepa, atavala suti, akuloza chala."

Ndinakweza maso kudenga. Pamtolo uliwonse panali munthu wonenepa, atavala suti, akuloza chala.

Apampando anali pabenchi akumvetsera. Anatsokomola nati dongosolo lathu lilibe vuto, vuto ndi anthu osatsata kalendala, ndipo chofunika n'kuwachitira semina. Bamboyo anafunsa ngati kuseminako kumakhala fanta. Atamva kuti zimenezo komiti sinakambirane, anabwerera kwa ine.

Ndinamufunsa ngati mvula inali ikugwabe kwambiri, ngati chimanga chinali chitamasula. Anayankha mosazengereza: chinali chitayamba ngayaye, ndipo nkhokwe zinali mbee. Ndinatsitsa mitolo ya Januwale ndi Febuluwale, ya zaka zonse zimene tinali nazo, n'kuiyala pansi. Iye sankadziwa kuwerenga, koma pazithunzi anali ndi liwiro kuposa ine, chifukwa ine ndinkakodwa ndi mitu ya nkhani. Tsamba lililonse linali ndi mlatho wolonjezedwa, mjigo wolonjezedwa, msewu wa phula wolonjezedwa. Malonjezo onsewo akanakwaniritsidwa, bwenzi Dowa yense ali konkire, mbuzi zikusowa podya.

Dzuwa litapendeka bamboyo anakuwa. "Ndi iyi!"

Pachithunzipo phunguyo anali ataima pamalo ouma, nsapato zili phuliphuli, dzanja lili m'mwamba. Kumbuyo kwake kunali galimoto, ndipo kumbuyo kwa galimotoyo kunali matako a anthu atawerama. Nkhope ya wokankha aliyense sinaoneke.

"Pansipa alemba chiyani?"

Ndinamuwerengera: anthu a m'derali alandira phungu wawo ndi chimwemwe.

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Chimwemwe chakecho! Galimoto itangozuka inatithira matope kumaso, bwanayo osacheuka n'komwe." Kenako analoza ndi chala. "Wapakatiyu ndine."

Apampando anavala magalasi, nayang'anitsitsa, nati iwo monga munthu wodziwa za maofesi sangachitire umboni, popeza matako alibe nkhope. Bamboyo anapempha kubwereka nyuziyo kuti akaonetse kumudzi. Anamukaniza, chifukwa lamulo loletsa kutulutsa nyuzi tinali titalivotera, ndipo kulisintha kunkafuna msonkhano waukulu.

Loweruka lotsatira anabweranso, akazi ake ali pakaliyala. Anali mayi wamfupi, wosalankhula zambiri. Anandipatsa moni, analandira nyuziyo, napita nayo pazenera. Anaiyang'ana nthawi yaitali, amuna awo akuponda apa ndi apo ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

"Ndi iwodi," anatero mayiyo. "Chigamba ichi ndinasoka ndine. Ndinang'amba chitenje chija tinkavinira pamisonkhano ya chipani chakale."

Apampando anasendera pafupi. Pachigambapo pankaonekadi kachidutswa ka chizindikiro chimene tonse tinkachidziwa, ndipo phungu wokankhidwayo anali wa chipani chatsopano. Anavula magalasi nati zimenezi n'zimene amazitcha umodzi wa dziko.

Mayiyo anatembenukira amuna awo. "Inunso abambo, dziko lonse kukuonani ndi thalauza imeneyi? Ija yakutchalitchi munaisiyiranji?"

"Ndinkapalira ine, mayi."

"Mukanakhotetsako khosi bwenzi nkhope ikuoneka."

Koma potuluka ndinamva akuuza amayi ogulitsa tomato panja kuti amuna awo ali m'nyuzi, tsamba lachitatu.

Sabata imeneyo ndinatsitsa makatoni onse. Pansi pa dzina la mwezi uliwonse ndinawonjezera mawu ena: kubzala, kupalira, njala, kuthyola fodya, kukolola, maukwati. Ndinayambitsanso mtolo wina wapadera, wa nyuzi zokhala ndi zithunzi za kwathu kuno, n'kulembapo kuti Akwathu. Apampando anati ndachita izi popanda voti. Tinaitanitsa msonkhano, ndipo aliyense anaimika dzanja, poti aliyense ankayembekeza kuti muli iye.

Mtolo umenewo ndi umene unatha msanga ndi zala. Anthu ankabwera kudzafuna zipewa zawo, zigongono zawo, ana awo ali kumsana m'khamu la pamsonkhano. Abambo awiri, wosoka nsapato ndi wokonza njinga, anakangana koopsa chifukwa cha mkono umodzi umene unkaoneka m'mphepete mwa chithunzi utanyamula mbendera. Aliyense ankati ndi wake. Anapinda malaya, kuyerekezera zipsera, mpaka anasiya kupatsana moni.

Patapita miyezi, wandale amene nkhope yake inali pambenderayo anakangana ndi akuluakulu a chipani chake ndipo otsatira ake anayamba kuonedwa ndi diso loipa. Wosoka nsapato uja anabwera kudzandiuza kuti waganiza bwino, mkonowo ndi wa mnzake. Tsiku lomwelo masana wokonza njinga anabwera kudzanena zomwezo.