Tsiku limene ndinatchula timu ya eni ake

Dzulo wailesi imatchula anyamata amene kochi wasankha kuti akatiimirire ku mpikisano wa mayiko a mu Afirika. Anzanga pokonzera njinga anayamba kukangana, koma ine, wokonda mkangano, ndinangoweramira njinga, nditakumbukira manyazi akalekale.

Ndili mwana kuno ku Milange, m'malire a dziko lathu ndi Malawi, aphunzitsi athu anabwera ndi mpira wachikopa, wonunkhira ngati nsapato za m'sitolo. Ife tinkangodziwa womanga ndi mapepala ndi luzi.

"Amene anditchulire osewera a selesau, timu ya dziko lathu, ndiye kaputeni," anatero. "Mpirawu azisunga ndi iyeyo."

Ndinadzambatuka. Wailesi ya bambo inkagwira bwino ya ku Malawi yokha, ndipo maina a osewera amene inkatchula ndinawaloweza ngati katekisimu. Ndinayambira kwa goloboyi mpaka kwa omwetsa zigoli, osapuma, chifuwa chili patsogolo.

Kalasi yonse inafa ndi phwete.

"Iwe, amenewo ndi a dziko liti?"

"Lathu, aphunzitsi."

"Mtsinje wa Muloza sunauone?"

Ndinauona, nanga! Amayi ankawoloka kukagayitsa chimanga ku Muloza, malume ankakhala konko. Ine ndinkayesa ndi mudzi wa kutsidya basi, osati dziko lina.

Mpira anaupereka kwa Zakariya, woti akamenya ankagwa yekha. Chaka chonse anzanga ankandiitana kuti "Mmalawi", ndipo ndinang'ambitsa malaya pomenyana nawo, dzinalo osachoka.

Chimandiwawabe n'chakuti sindinalakwitse dzina ngakhale limodzi. Kungoti panalibe anandiuza kuti mtsinje umene tinkasambamo ndiwo umasankhira munthu timu.