Mawa la ba Mwanabibi

Mundikhululukire, owerenga, polimba mtima kulemba. Sindinalembepo kanthu koti anthu awerenge, ndipo masamba awa ndawang'amba kawiri. Zili munozi ndinafunsa anthu atatu, eni akenso ndinawawerengera. Ngati pali chaka chimene ndaphonya, kulakwa ndi kwanga.

Mu kompaundi ya George, kwa zaka makumi atatu tsopano, palibe mayi wachisilamu amene anapita kumanda osadutsa m'manja mwa ba Mwanabibi. Makolo awo anachokera ku Mangochi iwo asanabadwe. Bambo awo anali telala, ndipo makina a bambowo ndiwo amawadyetsa mpaka lero. Koma ntchito imene amadziwika nayo ndi yosambitsa maliro. Kwa Asilamu, munthu akamwalira m'mawa, dzuwa likamalowa amakhala ali m'nthaka. Tsono ba Mwanabibi akangomva uthenga sadikira kanthu. Anasiyapo chigubu pamzere wa madzi pakiyosiki, atatsala achiwiri kutunga. Anasiyapo diresi la mkwatibwi singano ili m'nsalu. Amafika, kutenthetsa madzi, kung'amba nsanda yoyera, ndipo amalankhula ndi womwalirayo motsitsa mawu, kumupepesa asanamutembenuze. Amayi amene anawathandizapo amatuluka m'chipindamo ali duu, ngati anthu ochokera kutali.

Mayi yemweyu anali ndi mwana mmodzi, Jannat, amene anakwatiwa ndi Kapembwa, makanika Mkhristu wa ku Kasama, nakakhala ku Kaunda Square. Ba Mwanabibi ku ukwatiwo sanapite. Sanatukwane munthu, sanatemberere mwana, anangoti mtima ukhale kaye pansi. Jannat anabereka mwana wamkazi natumiza uthenga. Iwo anati abwera mawa. Anasoka kadiresi, kanachepa kali m'sutikesi. Anasoka kena, nakonso kanachepa. Zaka zinakwana zisanu ndi ziwiri, Jannat analeka kutumiza uthenga, ndipo ulendo wake ndi wa mabasi awiri okha.

Chaka chatha ba Mwanabibi analowa sukulu ya akuluakulu imene imakumana Lachiwiri masana m'holo ya kompaundi. Ankafuna kumawerenga okha mapepala a kuchipatala otulutsira mtembo, poti amalembedwa m'Chizungu. Tsiku lina mphunzitsi wawo, ba Nsama, analemba pabolodi mawu ataliatali: procrastinate.

"Iyee, ba ticha, iyo ni sitima ya ku Kapiri!" anatero ba Felistus, ogulitsa makala amene amakhala nawo benchi imodzi. "Ili na mabogi angati?"

Amayi onse anayesa kutchula, malilime anapindika, holo yonse inali phwete. Ba Nsama anadikira kuti phokoso lithe, nkulongosola kuti mawuwa satanthauza ulesi wamba. Ndi pamene munthu akudziwa bwino chimene ayenera kuchita, mphamvu ali nazo, njira akuidziwa, koma tsiku lililonse amati mawa.

"Ndiye bamuna banga abo," anatero ba Felistus. "Chitseko cha toileti banayamba kukonza mwana wanga akali kumimba. Manje ali giredi faivi, tikali kuvalira khomo na saka!"

Onse anaseka kupatula ba Mwanabibi. Iwo ankayang'ana mawu aja ngati munthu amene wapeza dzina lake pa chipupa cha eni. Chinthu chimene ankachisunga mumtima, nkumayesa kuti ndi chawo okha, kodi anthu akutali anachiona kalekale mpaka kuchipatsa dzina?

"Aphunzitsi," anafunsa, "matenda amenewa ali ndi mankhwala?"

"Si matenda, ba mayo. Ni khalidwe chabe."

"Nanga ba Mwanabibi vikukhudzani chani?" analowerera ba Felistus. "Imwe muthamanga monga ambulansi. Munthu akalibe kuzizira, mwafika kudala."

Ba Mwanabibi anatembenuka nawayang'ana. "Inu ba Felistus, mukamwalira lero, adzakuikani liti?"

"Ah, mwayamba kunipimira bokosi? Banga bazayembekeza. Masiku atatu, anayi, mpaka ba ku Mpika bafike, badye nkhuku."

"Ine ayi," anatero ba Mwanabibi pang'onopang'ono, ngati akudziwerengera okha. "Nditagwa pano, isanakwane faivi koloko ndili pansi. Ndaona ana akufika ndi chikwama m'manja, manda atatsekedwa kale. Sitifukula. Amangoima pamenepo. Ndipo mwana wanga palibe amene ali ndi nambala yake."

Ba Mwanabibi anakonza mpango kumutu, anaimirira, kope ndi pensulo anazisiya pabenchi. Ba Nsama anati phunziro silinathe. Iwo anayankha kuti kwa iwo latha.

Kunyumba sanadzere, ngakhale kukatenga kadiresi. Anakwera basi ya m'tauni, kenako ya ku Kaunda Square, kondakitala akuwapanikiza pakati pa thumba la kapenta ndi bambo wonenepa. Nyumba sankaidziwa. Anafunsa pamsika za makanika wa ku Kasama, anthu anawalozera kolakwika kawiri. Ulendo wachitatu anaima pageti lobiriwira.

Jannat anali kuanula zovala. Atawaona amayi ake, fumbi mpaka m'maondo, akupuma mothamanga, beseni linamugwa m'manja.

"Amama! Ndani wafa?"

Funso limeneli, ba Mwanabibi anandiuza okha, linawalasa kuposa mawu aliwonse amene mwanayo akanawanyoza nawo.

"Palibe wafa, mwanawe. Nchifukwa chake ndabwera."

Jannat sanawakumbatire msanga. Anatola zovala chimodzichimodzi, kuzikutumula, misozi ikugwera pamalaya a mwamuna wake. Kenako anaitana cha kukhomo: "Luse! Bwera upatse moni ambuya bako." Kamtsikana kanatuluka, kanawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi, nkufunsa ngati ndi amene amasoka. Ba Kapembwa atafika kuchokera kugalaji, mafuta ali m'manja, anagwada pansi nawomba m'manja monga achitira kwawo. Asanapume nkomwe, ba Mwanabibi anawauza kuti alembe nambala ya Jannat papepala, yoti akaipereke kwa shehe wa kumzikiti kwawo.

Mawu a Chizungu aja mpaka lero satha kuwatchula. Ine ndimawatchula bwinobwino, ndinawakhoza pamayeso. Koma ndili ndi mlongo wanga Tiza ku Chawama, amene tinasemphana mawu pamaliro a amayi athu zaka zinayi zapitazo, ndipo wolakwa ndinali ine. Foni sindimuyimbira, chifukwa pafoni munthu umatha kudula. Nsapato ndavala kale. Ndikupita kukaima pageti pake.